Ndinafika ndi Nandolo, Apongozi Ndinawaiwala pa Lirangwe

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 38, ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto kuno ku Chileka. Kwathu kwenikweni ndi ku Madziabango, kuno ndinadzakwatira, ndiye mukudziwa nokha kuti nyumba ndinamanga ndine koma dothi ndi la eni ake. Mkazi wanga, amake Tawina, ndakhala naye zaka khumi ndi chimodzi ndipo tili ndi ana atatu. Loweruka likubwerali ankhoswe akhala pansi kuti aone ngati ndikhalebe pamudzi pano kapena ndinyamule chikwama changa ndizipita kwathu. Mtima uli m'mwamba, chonde ndithandizeni.

Nkhani yake ili motere. Nthawi yokolola nandolo apongozi anga aakazi anapita kumaliro a msuweni wawo ku Lirangwe. Pofuna kubwerera miyendo inawatupa, komanso anali masiku aja mafuta anasowa, maminibasi akudutsa odzaza mpaka pakhomo. Mkazi wanga anati, "Bambo a Tawina, pitani mukawatenge amayi. Chonde osapatuka." Mawu akuti osapatukawo anawanena kawiri, nane ndinavomera kawiri.

Tsono Aphungu, ine ndinaleredwa bwino. Apongozi sindiwayang'ana kumaso, sindicheza nawo, tikakumana panjira ndimalowa patchire n'kuwomba m'manja chapatali. Kuwakweza panjinga chabe inali kale nkhani yamanyazi. Ndiye achibale a ku Lirangweko anaganiza mwanzeru: anamanga thumba la nandolo pakati pathu, apongozi n'kukhala kuseri kwa thumbalo chammbali, atagwira chitsulo cha kaliyala. Ine maso kutsogolo, pakamwa potseka. Ngakhale magalasi oonera kumbuyo ndinawapinda dala kuti maso athu asakumane.

Titafika pamsika wa Lirangwe ndinamva jenereta ikutsokomola pa kashopu kometera tsitsi. Azibambo akuikoka chingwe, iyo ikungoti bu-bu-bu n'kuzima. Aphungu, injini ikamalira choncho ine mtima umandiwawa ngati ndikumva mwana wanjala. Ndinaima. Sindinatsike ayi, ndinangoponda mwendo umodzi pansi n'kuyamba kuwauza kuti chotsani pulagi, pukutani, taonani ngati mafuta akutsika. Kwa ine kanali kanthawi kochepa, koma anthu akuti mpaka mthunzi wa mtengo unasuntha. Apongozi miyendo itawawawa anatsika mwakachetechete n'kukakhala pakhonde la golosale. Jenereta itadzuka anthu anawomba m'manja, ine chimwemwe chodzaza tsaya n'kuliza njinga, ulendo! Akuti apongozi anaitana, koma nawonso ndi munthu wamwambo, sakanakuwa dzina la mkamwini pakati pa msika. Anangoti chapansipansi, "Bambo a Tawina, bambo a Tawina," uku injini ziwiri zikubangula.

Msewu wonse ndinkangodabwa kuti koma njinga lero ikuuluka bwanji, n'kumadziyamikira kuti oilo amene ndinathira ndi weniweni. Pa mabampu ndinkachepetsa liwiro kuopa kuwagwedeza amayi. Nditafika pakhomo ndinaima bwinobwino, maso pansi, n'kunena kuti, "Amake Tawina, athandizeni kutsika, miyendo ikuwapweteka." Mkazi wanga anayang'ana kumbuyo kwanga, n'kundiyang'ana ine, n'kufunsa kuti, "Ndithandize nandolo?"

Ndinabwerera ngati ambulansi koma sindinawapeze. Anafika okha chakumadzulo pa lole ya njerwa, ofiira kuyambira duku mpaka kumapazi, mudzi wonse ukuonerera.

Kuyambira tsikulo ndilibe mtendere. Pasiteji anzanga akangondiona amafuula kuti, "Aise, tatembenuka uone ngati msana ulipo!" Makasitomala ena akakwera amandigwira paphewa njira yonse n'kumati ndilipo, ndilipo. A Malizani, malume a mkazi wanga, amenenso ndi nkhoswe ya kuchikazi, akuti ndinachita dala chifukwa apongoziwo anandidzudzulapo za chimbudzi. Mlandu anauimika kaye kuti anthu athane ndi zakumunda, pano akuti nthawi yakwana.

Za chimbudzizo sindikana, chilibe chitseko kuyambira dzinja la chaka chatha, timangokoleka chiguduli. Koma chitsekocho ndinapala, n'chokongola, chili kuseri kwa nyumba. Nditapita kukagula misomali ndinabwerako ndi nkhunda. Khola la nkhundazo ndinalekezera padenga chifukwa ndinayamba kukumba dziwe la nsomba. Nkhunda zinasamukira kwa aneba, ndipo m'dziwemo pano mumagona agalu.

Ena akuti ndimasuta chamba, chonsecho ngakhale fodya wamba sindinamulaweko. Ena akuti ndili ndi chibwenzi ku Lirangwe. Koma abale, munthu woiwala apongozi pamsika angasunge chinsinsi cha chibwenzi? Mlamu wanga ananditengera kwa mneneri wina chakufupi ndi bwalo la ndege, amene anati ndili ndi mzimu woyendayenda wochokera kuchimuna, ndisale kudya kenako ndibwere adzandimasule. Kusalako sikunandivute, pajatu kudya ndimaiwala kale. Tsiku lokamasulidwalo ndiye linandidutsa ndili pansi pa galimoto ya munthu.

Zimenezi sizinayambe lero, Aphungu. Ku pulayimale aphunzitsi ankandikhazika pansi pa bolodi penipeni n'kumanditcha Gulugufe. Amayi akandituma mchere ndinkabwera ndi nkhani. Ndinakhalako kondakitala wa minibasi, koma ndinkapitiriza anthu pamalo otsikira mpaka bwana anati basi. Kutchalitchi ulaliki ukafika pakati miyendo imayamba kuyabwa, ndimatuluka ngati ndatsegula m'mimba. Munthu akamandilankhula ndimamva poyambira pokha, kenako m'mutumu mumatseguka mawailesi ambirimbiri, pobwerera ndimapeza akufunsa kuti, "Mwamva?" ine n'kuyankha kuti eya. Koma mundipatse injini yakufa, ndimakhala nayo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, osadya, osamva ngakhale mvula. Apa ndi pamene a Malizani amandigwirira. Amati, "Mkamwini wathuyu zitsulo saiwala. Amaiwala anthu."

Amene ananditsegula maso ndi kasitomala wanga wina, mayi Hafsa, ogwira ntchito kubwalo la ndege. Atamva nkhani ya nandoloyi anaseka mpaka misozi, kenako anasiya kuseka n'kunena kuti, "Achimwene, mukufanana ndi mwana wanga. Pitani mukaonane ndi madokotala a za maganizo." Ndinayambira pachipatala chaching'ono, kumene anandiyeza malungo n'kundipatsa panado. Nditaumirira ananditumiza kuchipatala chachikulu m'tauni. Tsiku limene anandipatsa ndinaliphonya, ulendo wina ndinafika ataweruka, mpaka mayi Hafsa anakwera njinga yanga dala n'kukandisiya pakhomo pa dokotala penipeni.

Dokotalayo sanandibaye jakisoni. Anangondifunsa mafunso, za ubwana wanga, za sukulu, za tulo, za mowa ndi chamba, ngati ndimakomoka kapena kumva mawu a anthu osaoneka. Kenako anati ndibwerenso ndi munthu amene anandidziwa ndili mwana, ndiye ndinapita ndi achimwene anga a Solomon, amenenso ndi nkhoswe yanga. A Solomon atayamba kufotokoza mbiri yanga, dokotala ankangogwedeza mutu ngati akumva nyimbo yoidziwa kale. Pamapeto pake anati ndili ndi vuto lotchedwa ADHD, loti ubongo umavutika kukhazikika pa chinthu chimodzi komanso kudzigwira, ndipo ndakula nalo. Aphungu, ndinalira pamaso pa dokotala, bambo wandevu zanga. Zaka zonsezi ndinkadziyesa chitsiru.

Koma tikutuluka pageti a Solomon anandigwira mkono n'kunena kuti, "Mphwanga, zimenezi zithere pompano. Ukangotchula za madokotala a maganizo, akuchikazi anena kuti tinawapatsa wamisala, ndipo palibe adzakwerenso njinga yako." Ndiye ndakhala chete, ngakhale mkazi wanga sindinamuuze. Apongozi nawo sindinawapepesebe, nanga ndikawayamba bwanji munthu amene sindilankhula naye? Chondilimbitsa mtima n'choti amake Tawina masiku ano sakalipa. Kale ankakuwa mpaka nkhuku kubalalika, koma pano ndikaiwala chinthu amangonyamuka kukachita yekha. Ndikuona ngati mtima wayamba kutsika.

Tsono mafunso anga ndi awa. Loweruka ndikanene kapena ndibise? Dokotala anati mankhwala alipo koma ndi osowa, ndiye mnzanga wina pasiteji akuti akudziwa munthu ku Limbe wogulitsa mapilisi otsegula mutu, ndikagule? Chomaliza, ndikupempha kuti mulembe momveka bwino m'nyuzipepalamu kuti ine sindinalakwe, ndi matenda, kuti ndikawawerengere ankhoswe. Ana anga sindikufuna kuwasiya.

G. S., Chileka


A G. S.,

Poyamba ndikuyamikeni pobisa dzina lanu. Mwachita mwanzeru zedi, pajatu ku Chileka a kabaza oiwala apongozi pa Lirangwe alipo ambirimbiri, palibe amene akuzindikireni. Makamaka poti a Malizani, a Solomon ndi mwana wanu yemwe mwawatchula mayina.

Ndaseka, sindinama, mpaka anzanga muofesi muno anabwera kudzaona ngati ndili bwino. Koma kenako ndinaganizira mayi wachikulire, wochokera kumaliro, miyendo yotupa, akugwedezeka pamwamba pa njerwa mpaka kukatsikira pamaso pa adzukulu ake, ndipo kuseka kunandithera. Inu m'kalata yanu yonseyi pulagi ya jenereta mwaifotokoza mwachifundo kuposa mayi ameneyu.

Ndiye chikalata chimene mukufuna, choti simunalakwe, kwa ine simuchipeza. Munalakwa, bambo. Dokotala wakuuzani chifukwa chimene mumaiwalira, sanakuuzeni kuti oiwalidwawo samva kuwawa. Inu ndinu wa njinga, mukudziwa kuti mabuleki akakana n'kugunda munthu, woyendetsa sanena kuti si ine, ndi mabuleki. Amayamba wanyamula wovulalayo, kenako n'kukakonzetsa mabulekiwo. Mukapita Loweruka mutanyamula zilembo zinayi za Chingerezi ngati chishango, a Malizani akakunyamulitsani chikwama, ndipo ine ndidzawaombera m'manja.

Koma nawo akuchikazi asafulumire kuvina. Taonani mmene timachitira anthufe. Mwana akamalephera kukhala pansi timati ndi wamwano, amenyedwe. Akakula timati ndi chamba. Akakwatira timati ndi chibwenzi. Zikakanika zonsezi timathamangira kwa mneneri kuti atiuze za mzimu, ndipo mzimuwo nthawi zonse umachokera kubanja la amene sanabweretse chopereka. Njira zonse timaziyenda mpaka nsapato kutha, kupatula yopita kwa dokotala. Zaka 38 munthu akuvutika pamaso pa aphunzitsi, abusa, mabwana ndi ankhoswe, amene wazindikira n'kukhala kasitomala wa pa kabaza! Manyazi atigwire tonse.

Ndipo pa mlandu wa pa Lirangwe simuli nokha m'bokosi. Pali amene anamanga thumba la nandolo kuti likhale mpanda, pali ulemu umene unakupinditsani magalasi pamsewu waukulu wodutsa malole, palinso ulemu umene unaletsa mayi kukuwa pamene akuona njinga ikumuthawa. Mwambo ndimaulemekeza, koma mwambo unati musawayang'ane apongozi m'maso, sunati musaone ngati alipo. Magalasi amenewo muwawongole lero lomwe, musanatiphere munthu chifukwa cha khalidwe labwino.

A Malizani akuti zitsulo simuiwala, mumaiwala anthu. Mawuwa ndi akuthwa ndipo ndikumvetsa chifukwa chake akuwalasa mtima, koma alakwitsa. Munthu wa ADHD sikuti alibe chidwi ayi. Chidwi ali nacho chambiri, chimene chimamuvuta ndi chiwongolero. Chikapeza chinthu chochikomera chimakakamira pomwepo mpaka kuiwala njala, chikakumana ndi ulaliki kapena misomali chimathawa. Si muyeso wa chikondi. Komabe dziwani kuti kwa munthu amene wasiyidwa pakhonde la golosale, kuiwalidwa ndi kunyozedwa zimapweteka mofanana.

Tibwere ku funso lanu lalikulu. Nenani. Achimwene anu a Solomon amakukondani, koma malangizo awo akupititsani ku Madziabango wapansi. Mukabisa, mwawasiyira a Malizani kuti asankhe okha dzina la vuto lanu, ndipo anasankha kale, akuti mwano. Mkamwini wamwano amapirikitsidwa, palibe amamuchitira chisoni. ADHD si misala. Simuona zinthu zosaoneka, simuvula pamsewu, nzeru zanu zili bwinobwino, umboni wake ndi jenereta ija. Kupita kwa dokotala wa za maganizo sikusandutsa munthu wamisala, monganso kupita kwa dokotala wa mano sikusandutsa munthu fisi. Koma kunena sikutanthauza kulengeza pa chimkuzamawu. Oyenera kudziwa ndi akazi anu, apongozi ndi ankhoswe. Anzanu a pasiteji ali nazo kale zokwanira zoseka.

Ndipo tandiuzani, bambo inu. Kasitomala akudziwa. Achimwene anu akudziwa. Lero aliyense wogula nyuzipepala ino akudziwa, kuphatikizapo wokulungira mandasi. Koma mayi amene wakhala akutola zimene mukugwetsa kwa zaka khumi ndi chimodzi, ameneyo ndiye mwati asamve. Asa! Mukufuna adzamvere pabwalo pamodzi ndi anthu odutsa?

Loweruka lisanafike, kapepeseni apongozi. Musandiuze kuti simulankhula nawo, makolo amene anakuletsani kulankhula nawo ndi omwewonso anaika njira yake. Mutenge nkhuku, mutenge a Solomon, iwo alankhule inu mutagwada chapatali monga mwa masiku onse. Nkhukuyo musakagule nokha, mungabwereko ndi bakha ndi theka la wilibala. Ndipo popepesapo mawu oyamba akhale pepani, achiwiri pepani, za dokotala zibwere pambuyo apongozi atalandira nkhuku. Mukayamba ndi matenda adzamva ngati mwabwera kudzawina mlandu.

Kenako kolekani chitseko chija. Inde, sabata yomwe ino. Ankhoswe ADHD saidziwa, koma chitseko amachiona. Muitane munthu wamkulu mnzanu adzakhale pambali pamene mukukhoma, asagwire ngakhale hamala, angokhalapo basi. Anthu a mutu ngati wanu ambiri amamaliza ntchito pakakhala maso a wina. Akaona mwayamba kuyang'ana kudziwe, akhosomole. Dziwelo ndi khola la nkhunda zisiyeni, ndipo musayambe chinthu chatsopano ngakhale chitakukomerani chotani.

Za tsiku ndi tsiku, lekani kudalira mutu wanu pa ntchito imene wakana kuyambira ku pulayimale. Foni muli nayo, ili ndi alamu, ndiye chilichonse chokhala ndi nthawi yake chilowe mmenemo pomwepo mukuuzidwa, osati ndikafika kunyumba. Akakutumani, akutumeni chinthu chimodzi, ndipo muchibwereze ndi pakamwa panu kuti wotumayo amve. Makiyi, chisoti ndi laisensi zikhale pa msomali umodzi pafupi ndi khomo. Panjinga ikani lamulo losasintha: paliponse pamene mwaima, musananyamuke funsani kuti tilipo, ndipo mudikire yankho. Akakhala apongozi akhoza kungowomba m'manja, mwambo sunaletse. Mukanyamula munthu, injini ya mwini ngakhale italira ngati namfedwa, dutsani. Izi sindikunena moseka, chifukwa maganizo othawathawa pa njinga yamoto mathero ake ndi kumanda, ndipo mukamufunse dokotala wanu maganizo ake pa ntchito imeneyi. Munthu amene amadzutsa injini zakufa mwina malo ake enieni ndi pansi pa mtengo ndi masipanala, osati pamsewu. Koma chonde musayambe kumanga galaja mawa.

Mapilisi a ku Limbe asiyeni komweko. Amene akugulitsa mankhwala otsegula mutu m'mbali mwa msewu, akanakhala kuti amagwira ntchito bwenzi atayamba watsegula wake. Mankhwala enieni a ADHD alipo ndipo amathandiza anthu ambiri, koma kuno kwathu ndi osowa, nthawi zambiri ndi okwera mtengo, ndipo amafuna dokotala woti aziona mmene mtima ukugundira, mmene mukugonera ndi mmene mukudyera. Bwererani kwa dokotala yemwe uja, mukamufunse za mankhwala komanso za uphungu wophunzitsa njira zokhalira ndi vutoli. Ngati amake Tawina angalole, mupite nawo. Akamva kuchokera pakamwa pa dokotala zidzalemera kuposa kumva kwa inu, komanso iwo akanena zimene inu mukaiwale kunena.

Mwina mukufunsa kuti anzanu a vuto limeneli muwapeza kuti. Sindikunamizani kuti pali gulu lokhala ndi mayunifolomu ndi msungichuma limene likukudikirani pa Chileka. Magulu otere kuno ndi osowa, chifukwa aliyense ali ndi achimwene ake omuuza kuti zithere pompano. Koma mayi Hafsa anayenda kale njira imeneyi ndi mwana wawo, afunseni amene akuwadziwa, mufunsenso kuchipatala. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wanuwo wasonyeza kale kuti ngakhale denga la nkhunda laukanika. Muyang'anenso ana anu atatuwo, pakuti vutoli limakonda kuyenda m'magazi. Mukaona wina akubwera ndi nkhani m'malo mwa mchere, musathyole kamtengo, mupite naye kumene inu mwachedwa kufika.

Tsopano khalani pansi, ngati mungathe, mumve chenjezo langa. Mwati akazi anu asiya kukalipa, ndiye mtima wayamba kutsika. Koma bambo inu! Mkazi wokalipa amakhala akuyembekezerabe kuti mwina mumva. Amene wangonyamuka kukachita yekha akuphunzira kukhala popanda inu, inu mukadali m'nyumba momwemo. Mukuopa a Malizani pachabe. Pamudzi wa chikamwini malume amalankhula mokweza, koma mwini nyumba akati mwamuna wanga akhale, palibe nkhoswe imene ingakutulutseni. Akangokhala chete maso pansi, ngakhale mutabwera ndi dokotala pa kabaza, mwapita. Mlandu wanu uweruzidwa Loweruka lisanafike, ndipo woweruza mumagona naye nyumba imodzi.

Choncho lero lomwe, ana akapita kosewera, zimitsani foni, njinga muitsekere m'nyumba. Tengani mtedza muzisenda kuti manja akhale ndi chochita. Muwauze amake Tawina zimene dokotala ananena, mwachidule, ndipo musawapemphe kuti akhale namwino wanu kapena alamu yanu, ntchito imeneyo aigwira kale ulere mpaka yawatopetsa. Mukatero muwafunse kuti zaka zonsezi iwo zawakhalira bwanji, kenako mutseke pakamwa. Zidzawawa, ndipo pakati pa nkhani maganizo anu adzathawa ndithu, ndi mmene alili. Akathawa musayankhe kuti eya. Nenani zoona kuti, pepani, ndinachokapo, bwerezani. Iwo mwina angabwereze. Ankhoswe Loweruka sadzabwereza.

Aphungu